Chogwirira cha Pamasitepe

Chitsulo chogwirira cha pamasitepe chinathothoka m'manja mwa Chisamba ndi kaphokoso kakang'ono ngati ka kamtengo kouma. Iye anadzandira n'kukatsamira khoma la khonde, chitsulocho chikadali m'manja.

"Mwaona?" anatero akuchikweza m'mwamba. "Ndimanena zimenezi. Akanakhala amayi atsamira apa, bwenzi tikukamba za maliro ena."

Mlongo wake, Mzime, anasiya kupinda mipando imene anabwereka kutchalitchi. Mayina awiriwa anawapatsa ndi bambo awo, amene ankaitana woyamba kubadwa kuti Chisamba ndi wotsiriza kuti Mzime, ngakhale onse atakula. Bambowo anali atangoikidwa m'manda sabata yomweyo.

Mayi awo anali pampando kumaso kwa chitseko, dzanja lamanja lili gone pamwendo monga lakhalira chidwalireni sitiroko. Kuyambira nthawi imeneyo anali asanatsikepo masitepe a pakhonde ndi miyendo yawo. Ngakhale kumanda anachita kunyamulidwa pampando.

"Bambo ako anali asanamalize," anatero mayiwo motsitsa mawu.

"Amayi, musawaikire kumbuyo. Munthu anasiya zowotcherera ine ndili kupulayimale, n'kudzaziyambanso atapuma pantchito, maso atatha kale. Kunali kungotayitsa nthawi." Anaponya chitsulocho pansi. "Ndanena kale. Loweruka tikunyamuka limodzi. Kwathu kulibe masitepe. Nyumba ino titseka, makina awo owotchererawo tipatsa ena."

"Achimwene, eni akewo mwawafunsa?" anatero Mzime.

"Ndiye uwasamala ndiwe? Iwe uli m'kalasi ndi ana a eni, iwo atsekeredwa muno ngati m'ndende. Umati umenewo ndi moyo?"

Mayi awo anatembenukira pazenera. Tsidya la msewu panali tchalitchi chimene anapempheramo moyo wawo wonse, ndipo chidwalireni ankangomvera nyimbo zake pazenera lomwelo, milomo ikutsatira mawu.

Masana Mzime analowa m'kashedi ka kuseri. Munkanunkhabe chitsulo chopsa. Chigoba chotchinga kumaso chinali pamsomali, magolovesi achikopa ali patebulo, zala zake zopindika ngati muli manja. Foni ya bambo ake, imene anaiika m'thumba la diresi, inalira kachikena.

Anali iye mwini amene anawalowetsa bambo ake m'gulu la pa intaneti la anthu owotcherera zitsulo, atatopa ndi mafunso awo okhudza makina atsopano. M'gulumo munali anthu a m'mayiko osiyanasiyana, ena olankhula zinenero zimene bambowo sankazimva. Koma chithunzi cha msoko wa chitsulo ankachiwerenga onse. Kumeneko bambo ake ankadziwika kuti Agogo Nthethe, ndipo palibe anali atawauza anthuwo kuti Agogo Nthethe apita.

Mzime anajambula chitsulo chothothoka chija, n'kutumiza pamodzi ndi uthenga wa mawu. Mu uthengawo anawauza kuti Agogo Nthethe amwalira.

Posakhalitsa zithunzi zinayamba kubwera. Wina anavula chigoba chake n'kuchiika chafufumimba patebulo la ntchito, n'kujambula. Winanso anachita chimodzimodzi, kenako wina, matebulo a mitundumitundu, zigoba zonse zitawerama. Mzime anakhala pachitini cha penti nalira kulira kumene kunamukanika kumanda.

Kenako foni inaitana. Anali mayi wina wa mawu okhuthala.

"Ndine amene pagulupo amati Mayi Wilibala, ndimakonza mawilibala tsidya lina la tauni. Pepani kwambiri, mwanangu. Koma chogwiriracho sichinathyoke ayi. Agogo anangochigwiriza ndi timadontho. Umu ndi mmene timachitira: uyambe wadontheza apa ndi apo kuti chiime, uone ngati chakhala bwino, kenako ndiye usoke msoko wonse. Iwo amadikira kuti amayi achigwire kaye. Musalole munthu atsamirepo. Ndikubwera mawa."

Anafika m'mawa panjinga yamoto, atavala ovolosi yobooka timabowo ta moto. Anagwada kaye pamaso pa namfedwa, nagwira dzanja lawo lamanzere. Kenako anakokera makina pakhonde, nabwezera chitsulo chija pamalo pake ndi timadontho tatsopano.

"Agogo ndiye ankatiweta ngati mbusa," anatero akupukuta thukuta. "Mnyamata akatumiza msoko wokhotakhota, iwo amvekere, 'Mwana wanga, apa panadutsa munthu kapena nkhuku?' Munthu asanakwiye, awonjezere kuti, 'Ambuye sanatope nafe, iwenso yesanso.' Ena mpaka anayamba kunena ameni asanayatse makina."

Mzime anaseka koyamba sabata imeneyo. Chisamba, amene anaima pakhomo manja ali m'thumba, sanaseke.

"Zikomo pobwera, mayi. Ingomalizani kuti wina asavulale. Koma amayi akupitabe."

"Zimenezo ndi za pabanja panu, bambo. Koma ine sindingasoke mwini dzanja asanagwire. Chikatalika, phewa liwawa. Chikafupika, munthu aweramira kutsogolo. Agogo akanandidzudzula pagulu."

"Amayi sangaime pamenepo."

"Ndidzutseni," anatero mayi awo.

Ana awiriwo anayang'anana. Anawagwira uku ndi uku, n'kuwadzutsa pang'onopang'ono. Mwendo wamanja unkakwekwereka pasimenti. Pamene ankayandikira sitepe yoyamba, mayiwo anayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'tchalitchi, yomwe ija mwamuna wawo ankaimba m'kati mwa chigoba, mawu ake n'kumamveka ngati akuchokera m'chitsime. Anatambasula dzanja lamanzere naliika pachitsulo.

"Musatsamire, ingogwirani," anatero Mayi Wilibala. "Chili bwanji?"

"Chakwera. Ankandiyesabe mtsikana wamtali uja anamukwatira."

Mayi Wilibala anamenya timadontho tija ndi kanyundo, chitsulo n'kumasuka. Anachitsitsa pang'ono. Mayiwo anapukusa mutu. Anachitsitsanso, mpaka chigongono chinapindika bwino, phewa n'kugwa mwamtendere.

"Pamenepo," anatero mayiwo.

Mayi Wilibala analemba pamalopo ndi choko, ndipo ana aja anabwezera mayi awo pampando.

"Tsopano nonse tembenukani. Moto uwu suyang'anidwa."

"Ine ndikufuna kuona," anatero namfedwa. "Zaka zonsezi ndinkangomva phokoso kuseri."

Mzime anathamangira kushedi n'kubwera ndi chigoba cha bambo ake. Anachigwirizira kumaso kwa mayi ake. Makina anayamba kulira, nthethe zikugwera pamasitepe ngati mvula ya moto. Chisamba anafulatira, koma ankaona kuwala kobiriwira kukuphanima pakhoma, ndipo m'kati mwa chigobacho munayambanso kumveka nyimbo ija. Anakumbukira ali mwana, atayima kunja kwa malo a ntchito a bambo ake ndi botolo la madzi, akuuzidwa kuti atseke maso.

Msoko utazizira, Mayi Wilibala anagogoda makoko ake akuda, pansi pake n'kuoneka chitsulo chowala, mizere yake yondondozana bwino. Anapala pogwira ponse mpaka posalala, kenako anadzikoloweka pachogwiriracho ndi thupi lake lonse.

"Ngati chandipirira ine, chipirira aliyense."

Chisamba anabwera nachigwedeza ndi manja awiri. Sichinasunthe. Anayang'ana mbali ina ya masitepe, kumene kunalibe kanthu.

"Komabe ntchitoyi ndi yatheka," anatero, mawu ake atafewa tsopano. "Chogwirira chili kumanzere kokha. Mbali yofookayo ndiye ili pamtetete. Adzagwera komweko. Zitsulo zatsala m'shedimo, bwanji osaika chinanso?"

"Ifenso tinawauza pagulu," anatero Mayi Wilibala akukulunga waya. "Tinakangana nawo sabata yathunthu, ena mpaka kujambula mapulani. Anakanitsitsa, chifukwa chake osanena."

Mayi awo anatsitsa chigoba chija nachiika pamiyendo, nachisisita ndi chala.

"Mbali iyo inali yawo," anatero. "Anati chitsulo chigwire dzanja lamoyoli. Lakufali ankati agwira okha, monga analonjezera pamaso pa Mulungu."

Tsidya la msewu wina ankasesa pabwalo la tchalitchi.

Chisamba anavula jekete lake nalipereka kwa mlongo wake.

"Mzime, chipinda chako chakale chija chikadali bwino?"

"Chingofunika kusesa. Ndikhoza kusamukiramo mawa."

"Ine ndizibwera kumapeto kwa mwezi uliwonse. Masiku enawo mbali iyi ndi yako." Anatsika sitepe imodzi naima kumanja, pamalo opanda chitsulo paja. "Amayi, Lamulungu lisanafike tiyeserere. Tiyeni."

Mzime anawadzutsa. Dzanja lamanzere linapeza chitsulo, chikadali chofunda. Chisamba anagwira mkono wofooka uja mwamphamvu, ngati wanyamula katundu woti asagwe.

"Osati choncho," anatero mayi ake. "Bambo ako sankafinya. Ankangoika chikhatho apa, pansi pa chigongono, n'kudikira kuti ndiyambe ndine."

Chisamba anamasula zala zake, natsitsa chikhatho pansi pa chigongono cha mayi ake, nadikira.