Maola a Shifiti Yausiku

Mwala woyamba unalowera pawindo n'kugwera patebulo langa, pakati pa makadi omwe ndinkasanja. Wachiwiri unaswa galasi la kabati. A Hawkins Muhariwa, omwe ndinkagwira nawo ntchito mu ofesi ya maola, anandikokera pansi.

"Musadzuke, a Bernadeta. Akangoona nkhope ya munthu pawindopo, ziipiratu."

Munali mu Okutobala 1995, dzuwa likuswa mtengo. Fakitale yathu, kumunsi kwa Ndirande, inkapanga ndowa ndi mabeseni a pulasitiki. Wantchito aliyense, polowa ndi potuluka, ankakhoma khadi lake pamakina a pageti. Ine ndinkatolera makadiwo n'kulowetsa maola mu kompyuta. Mwezi ukamatha, a Hawkins ankakopera zonse pa disiketi n'kupita nayo kulikulu ku Limbe, komwe kompyuta ina inkawerengera malipiro.

Koma makompyuta awiriwa anali atasiya kumvana. Ya ku Limbe anaiikamo pulogalamu yatsopano, ndipo munthu wolowa teni koloko usiku n'kuweruka sikisi m'mawa inkamuona ngati watuluka asanalowe. Inkangomulembera ziro. Poyamba mabwana anati ndi kangozi chabe. Kenako anati kukubwera katswiri kuchokera ku Harare. Tsiku la miyalalo anthu a shifiti yausiku anatsegulanso maenvelopu awo a malipiro n'kupezamo mphepo. Mabwana onse anali ku Limbe. Omwe tinali pafupi tinali ifeyo.

Chitseko anachithyola ndi benchi. Woyamba kulowa anali Ignasio, mwamuna wa mkulu wanga Petronela, munthu yemwe ku tchalitchi ankaimba mawu achinayi ndipo sindinamumvepo akukalipira ngakhale nkhuku. M'manja anali ndi paipi yachitsulo. Kumbuyo kwake anthu anali atathithikana mpaka pakhonde.

"Tulukani, alamu," anatero osandiyang'ana. "Sitinabwerere inu. Tikufuna chinthu chikudya thukuta lathuchi."

A Hawkins anaimirira pakati pa iye ndi kompyuta. Anali munthu wochepa thupi, wa magalasi okhuthala.

"Abale anga, iyi siinalakwe. Maola anu onse ali muno, athunthu. Yolakwa ili ku Limbe. Mukaiphwanya iyi ndiye kuti..."

"Akuiikira kumbuyo," wina anatero pakhomo. "Amadya nayo."

"A Muhariwa," anatero Ignasio, "landilodi wazula chitseko cha nyumba yanga. Ana anga akugona ngati mbuzi pakhonde. Usiku wonse ndimapsa manja ndi pulasitiki, chinthu ichi n'kumati ziro. Chokani."

"Sindichoka, achimwene."

Ndimakhulupirira mpaka lero kuti Ignasio anachalira kompyuta. Koma paipi ili m'malere, a Hawkins anadzigwetsa pamwamba pa makinawo ngati mayi wofungatira mwana. Chitsulo chinawapeza pamwamba pa khutu. Chinalira ngati mphika wadothi ukusweka. Magazi anathovokera pamakadi, ena anandigwera pabulauzi, otentha.

Anthu aja ataona magazi sanabwerere. Anakhamukira mkati. Anawakoka a Hawkins miyendo n'kuyamba kuwaponda ndi majombo a ntchito, m'nthiti, m'mimba, kumaso. Magalasi awo anaphwanyikira patsaya. Kompyuta anaiponyera pawindo, mabokosi a makadi anawakhuthulira pabwalo, kuthira parafini n'kuyatsa. Bambo wina yemwe ndinkamupatsa moni tsiku lililonse pageti anandigwira tsitsi n'kundimenyetsa pakamwa pamphepete mwa tebulo. Ndinamva dzino likuthyoka. Ndinalilavulira m'dzanja langa, osadziwa koliika.

Nthawi yonseyi Ignasio anangoima, akuyang'ana paipi ija. Atamva kukuwa kwanga anaitaya, namugwira bambo uja pakhosi mpaka maso kutong'oka. Kenako anakankha anzake, ananyamula a Hawkins paphewa n'kutuluka nawo kudutsa mu utsi wa makadi.

Anatsala pang'ono kufika pageti pomwe inatulukira galimoto ya alonda omwe mabwana anaitanitsa, a zibonga ndi agalu. Iwo anangoona munthu wamagazi thupi lonse atanyamula mnzake wolendewera mutu. Anamasula agalu awiri. Mmodzi anamuluma pantchafu n'kukakamira, winayo anang'amba msana wa ovolosi pamodzi ndi mnofu. Ignasio anagwada, koma katundu wake sanamutaye. Anamugoneka pansi bwinobwino kaye, zibonga zikumugwera kumsana.

Sabata isanathe, kampani inachotsa ntchito shifiti yonse yausiku. Maola awo anali atapsa pabwalo paja, ndipo a ku Limbe anati popanda umboni palibe chomwe angachite. Katswiri wa ku Harare sindinamuonepo.

Kuchipatala malo anali ochepa, moti awiriwo anawagoneka wodi imodzi, mabedi oyandikana. Ignasio anamumanga unyolo dzanja lamanzere kuchitsulo cha bedi, wapolisi atakhala pampando chapafupi. A Hawkins anali chikomokere. Akwawo anali kutali ku Phalombe ndipo uthenga unachedwa kufika, choncho Petronela ndiye ankawatembenuza ndi kuwapukuta, akamaliza kusamalira mwamuna wake. Ignasio sankadya, sankalankhula. Ankangoyang'ana kudenga.

Lamlungu masana ndinapita ndi tiyi m'fulasiki, mlomo wanga udakali wotupa. Ndikuthira m'kapu, ndinamva a Hawkins akubuula. Diso limodzi lomwe silinali m'mabandeji linatseguka, linayendayenda, n'kuima pa ine.

"A Bernadeta," ananong'ona, "nthawi ili bwanji? Disiketi ija... tichedwa nayo."

Ndinaika fulasiki pansi. Petronela anaphimba nkhope ndi chitenje. Pabedi linalo unyolo unalira. Ignasio anatembenuza dzanja lomangidwa lija mpaka pomwe chitsulo chinamulekeza, nasuzumira kawotchi kake kosweka galasi.

"Yangokwana kumene thuu koloko, a Muhariwa," anatero. "Gonani."