Nguluwe ya M'sokosi

"Tsekani chitseko, achimwene," anatero mwana wamkazi wa malemu.

Panali patapita masiku atatu chiikireni bambo awo m'manda. Awiriwa ankalongedza bokosi la zida loti libwerere kunyumba yosungirako zinthu zakale, kumene malemu anagwira ntchito zaka makumi atatu. Pansi pa maburashi anapeza sokosi, ndipo m'sokosimo munali nguluwe yamwala, kukula kwake ngati chibakera, mano ali pamtunda.

Mtsikanayo anachita mantha. Naye ankagwira ntchito komweko, yotsuka zofukulidwa, choncho nguluwe zotere ankazidziwa. Anazisema ndi anthu oyamba kumanga midzi, kale munthu akuopa chinyama n'kumachilemekeza, asanadziwe kuchitsekera m'khola. Anaunika mizere yake pawindo. Panalibe pamene panadutsa chitsulo.

"Ndi yeniyeni. Akaipeza muno, bambo asanduka mbava ali m'manda. Ine ntchito yatha, mwinanso ndende."

"Bambo omwe aja? Oyenda mtunda kukabweza cholembera chobwereka?"

"Abwana akubwera masana ano kudzatenga bokosili. Mukawauza za cholemberazo?"

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma tsiku limenelo kudekha kunalibe malo m'nyumbamo. Anakulunga nguluweyo m'chiguduli n'kupita nayo kuseri. Mchimwene anakweza hamala, dzanja linakana. Mtsikana analanda n'kumenya yekha, katatu.

Masana galimoto inaima panja. Abwanawo, bambo waimvi, anapepesa maliro, anamwa madzi, kenako anatsegula bokosi. Anafufuza mpaka pansi.

"Nanga nguluwe ija ili kuti?"

Awiriwo anayang'anana.

"Bambo anu anaisema okha," anapitiriza abwanawo. "Mwala pamwala, ngati anthu akalewo, chaka chathunthu. Ankadandaula kuti ana osaona akabwera kwathu amangogwira galasi lotchingira zinthuzo n'kubwerera. Ankafuna agwire nguluwe."

Mtsikana anatuluka, nabwera ndi chiguduli chija. Abwana anachimasula, anayang'ana zidutswa za nguluweyo. Kenako anatola kachidutswa kokhala ndi khutu n'kukaika m'dzanja la mtsikanayo.

"Tsinzina, mwanawe. Bambo ako ankasema atatsinzina."

Anatsinzina. M'kati mwa khutulo chala chake chinapeza tiubweya tosemedwa kamodzikamodzi, timene maso ake sanatione.