Ndolo ya Kumanzere ya Sitt Wigdan

Anthu a ku Cairo amene anaonerapo Sitt Wigdan, kunena kuti Mayi Wigdan, akuchita zisudzo ndi ochuluka, koma mutawafunsa za Barsoum Ayad angokuyang'anani. Barsoum sizinkamupweteka zimenezi, kunena zoona ankanyadira nazo. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi ankakhala m'kambusha, kabokosi kaja ka kutsogolo kwa siteji, thupi lili pansi pa matabwa, mutu wokha uli pamtunda, buku la sewero lili pamaondo. Ntchito yake inali yonong'oneza mawu wosewera akaiwala. Anzake a zisudzo ankawadziwira nsapato ndi kunsi kwa zibwano, poti munthu wa m'kambusha anthu amawaonera m'munsi.

Malamulo a ntchitoyi anali awiri, ndipo anamuphunzitsa ndi mkulu wina wa mumsewu wa Emad el-Din amene ankalanga ndi rula pazala. Loyamba linali lakuti mawu ako afike m'khutu la wosewera, koma woonera wa pampando woyamba asamve ngakhale mpweya wako. Lachiwiri linali lakuti usapereke mawu asanakupemphe. Wosewera akakhala chete, chetecheteyo ndi wake. Mwina akulira mumtima, mwina akudikira kuti wina amalize kutsokomola, iwe sizikukhudza.

Wosewera aliyense anali ndi kapemphedwe kake. Wina ankakanda chibwano, wina ankaponda kawiri ndi chidendene. Sitt Wigdan ankagwira ndolo ya kukhutu lakumanzere. Kale ankaigwira mwina kawiri pachaka, ndipo makatani akangotsekedwa ankabwera kudzamukalipira.

"Wakutuma ndani iwe? Mawuwo ndimawadziwa, ine ndimangokonza ndolo."

"Ndamva, Sitt. Inaiwala ndi ndoloyo, osati inu."

Koma chaka chimenechi ndoloyo inaona zakuda. Katatu pa sewero limodzi, kenako kasanu, nthawi zina pa mawu amene mayiwo anali atawanena kambirimbiri. Barsoum sanauze munthu. Wotsogolera sewerolo, Ustaz Medhat, bambo wophunzira kunja amene ankavala sikafu ngakhale kunja kukuwotcha, sankaona kanthu. Iyeyo sewero ankalionera kumbuyo kwenikweni kwa holo, akudzimvera kukoma.

Seweroli linali la mayi amene mwana wake anapita kunja kukagwira ntchito n'kukhala zaka khumi ndi ziwiri osalemba ndi kalata yomwe. Kumapeto mwanayo amatulukira pakhomo ndi sutikesi n'kunena kuti, "Mayi, ndabwera." Mayiyo, mbali imene ankasewera Sitt Wigdan, amayenera kuyankha pomwepo, ngati mwanayo akungochokera kumsika: "Vula nsapato, ndakolopa."

Lachinayi lina, wosewera ngati mwanayo ananena mawu ake. Sitt Wigdan anangoima ndi chokolopera m'manja, akumuyang'ana. Barsoum anadikira ndolo, koma dzanja silinakwere. Atakweza maso anaona kuti mayiwo sakusewera ayi. Ankayang'ana ngati munthu amene wadzuka m'nyumba ya eni, osadziwa kuti wafikamo bwanji. Mawu anali palilime la Barsoum, koma lamulo linamuletsa. Holo yonse inangoti zii. Panatha mphindi yathunthu, ndipo amene anaimapo pasiteji akudziwa kutalika kwa mphindi yotero. Kenako Barsoum anaswa lamulo lachiwiri, koyamba chiyambire ntchito, n'kunong'oneza asanapemphedwe.

"Vula nsapato, ndakolopa," anatero Sitt Wigdan, mawu akunjenjemera.

Anthu analira, mpaka azibambo a ndevu zawo. Ndiye kaya ndi mwayi kaya ndi tsoka, tsiku lomwelo m'holomo munali oweruza a mphoto za chaka za zisudzo, poti iwowo amabwera mosalengeza. Nyuzipepala zinalemba za "chetechete wa Wigdan," wina mpaka anati m'mphindi imodziyo munali zaka khumi ndi ziwiri zonse za kudikira. Ustaz Medhat, wopanda ndi manyazi omwe, anauza atolankhani kuti chetecheteyo anamukonza yekha kwa miyezi itatu. Dzina la Sitt Wigdan linatuluka pamndandanda wa opikisana pa mphoto ya mayi wosewera bwino koposa.

Masana a tsiku la mwambo wopereka mphotozo, mayiwo anaitanitsa Barsoum kunyumba kwawo ku Dokki. Anawapeza atakhala pakhonde la m'mwamba, diresi lobiriwira litapachikidwa pachitseko.

"Khala pansi, Barsoum, usaime ngati wabwera kudzalanda mipando." Anamuthirira okha tiyi m'tambula, zomwe anali asanachitepo. "Tsiku lija unachedweranji?"

"Simunagwire ndolo, Sitt."

"Ndikanaigwira bwanji? Ndinaiwala n'zoti ndili ndi makutu." Anaseka, koma kusekako sikunapite patali. "Ndinangoona munthu wa sutikesi, nyali, anthu ali mumdima, ine n'kumati kodi kuno n'kusiteshoni ya sitima? Iwe unaona."

"Ine ndinaona nsapato zanu basi. Ntchito yanga n'kuona nsapato."

"Usandinamize, nkhalamba iwe. Adokotala andiuza kale kuti ndi matenda oiwala. Odziwa ndi iwowo, iwe, ndi Mulungu, ndipo ndikufuna zithere pomwepo. Ndimalize sewero ili, nditsanzike ndili chiimire, anthu azikumbukira Wigdan, osati kamayi kena kosochera pasiteji. Koma madzulo ano akanditchula, ine n'kukwera paja, makamera onse ali pa ine, n'kungoima kukamwa yasa, mawa Cairo yonse idziwa kuti chetechete uja anali chiyani."

"Lembani papepala mukawerenge. Onse amatero."

"Ine? Kuwerenga papepala ngati nduna yotsegulira mlatho? Komanso popanda magalasi sindiona, ndipo magalasi pagulu sindivala. Bola kufa."

Anakonza ziganizo zinayi zokha: kuthokoza oweruza, kuthokoza anzawo a m'sewero, kuthokoza oonera, ndi kutsanzika. Anabwereza mpaka tiyi anazizira, mpaka kumzikiti wapafupi kunamveka kuitanira mapemphero. Kakhumi konse mayiwo ananena bwinobwino. Ulendo wotsatira anaima pakati pa chiganizo chachiwiri, dzanja n'kupita lokha pandolo. Barsoum anawapatsa mawuwo, ndipo onse awiri anakhala ngati palibe chachitika.

"Kumeneko kambusha kaliko?" anafunsa mayiwo akuyang'ana kumsewu.

"Kulibe, Sitt. Maholo atsopanowa amawamanga ngati anthu anasiya kuiwala."

"Ndiye ukakhale kutsogolo, poti ndizikumva."

Tikiti ya Barsoum inali ya mzere wa khumi ndi chisanu ndi chiwiri. Atafika, suti yake ya maukwati ndi maliro ikumuthina m'khwapa, anafunafuna Ustaz Medhat mpaka anamupeza pakhomo akujambulitsa.

"Ustaz, pepani, kodi sizingatheke kuti ndikhale kutsogolo? Ngakhale pansi, pambali pa maluwa aja."

"Aa, madala, mipando yakutsogolo ndi ya akuluakulu ndi akazi awo. Inuyo zaka zonsezi mwakhala kutsogolo kuposa aliyense, lero lawaniko kumbuyo!" Anaseka yekha nthabwala yakeyo, n'kukonza sikafu, n'kutembenukira ku kamera.

Mwambo unayamba mochedwa, monga mwa masiku onse. Mphoto ya magule inapita ku gulu la ku Aswan, lomwe linakwera pasiteji lonse, anthu makumi awiri kulimbirana maikolofoni imodzi. Woimba opera wina wathupi anathokoza mayi ake, aphunzitsi ake, ndi dokotala wake wa pakhosi. A sewero la nyimbo anaimbanso nyimbo imene palibe anawapempha. Aliyense wopambana ankalandira nyale yamkuwa n'kuikweza m'mwamba.

Barsoum zonsezi zinkangomudutsa. Maso ake ankayeza mtunda. Kunong'ona kwake kunkafika mapazi asanu ndi limodzi, ankakudziwa ngati mmene telala amadziwira mkono wake. Apa panali mapazi makumi anayi, ndi mitu ya anthu pakati. Ndipo kutsogolo kwa siteji, pamene pakanakhala kambusha, anayalapo maluwa.

Panalinso china chimene chinkamuwawa, ndipo anachivomereza mumtima ali pampandopo. Zaka zonse zimene mayiwo ankasewera ndi mutu wawo wonse, akuseketsa ndi kuliritsa anthu mwadala, oweruza ankawadumpha. Lero akufuna kuwapatsa nyale chifukwa cha mphindi imodzi imene mwiniwakeyo panalibe. Kodi akulemekeza luso kapena matenda? Koma akakumbukira misozi ya anthu aja, inali misozi yeniyeni, palibe anaigula. Ndiponso nkhope imene inaima chete mphindi ija inali yomweyo imene inaphunzira ntchito zaka makumi anayi. Mwina munthu akaiwala zonse, chotsala chimakhalabe chake. Barsoum anangopempha Mulungu kuti dzina lotchulidwa likhale la wina, kenako anachita manyazi ndi pemphero lakelo.

Anatchula Sitt Wigdan.

Holo yonse inaimirira. Mayiwo anakwera masitepe mosathamanga, diresi lobiriwira likuwala, n'kulandira nyale ija ndi dzanja lamanja. Anthu atakhala pansi anayamba. Chiganizo choyamba chinatuluka bwino. Milomo ya Barsoum inkayenda nawo limodzi. Chachiwiri chinadutsa pamalo oterera paja osagwa. Chachitatu chinathanso. Barsoum anapumira m'mwamba, kwatsala kutsanzika basi.

Koma mayiwo sanatsanzike.

"Pali munthu wina," anatero, "amene inu simunamuonepo."

Milomo ya Barsoum inaima. Mawu amenewa m'buku munalibe.

"Zaka makumi atatu ndi zinayi wakhala pansi pa mapazi anga, akupuma fumbi la madiresi anga. Ndikagwa amanditola inu osadziwa. Ndamutukwana kambirimbiri, sanandibwezerepo, kupatula pang'ono chabe." Anthu anaseka. "Nyale iyi theka ndi yake. Ndikufuna dzina lake limveke m'holo muno lero. Dzina lake ndi..."

Anaima.

Anthu anayamba kumwetulira, kugwedezana. Si uyu chetechete wa Wigdan, akuwapatsa waulere! Mayi wina pafupi ndi Barsoum ananong'oneza mwamuna wake kuti, "Taona luso, bambo, taona." Koma Barsoum, ngakhale anali kutali, maso aja anawazindikira. Anali omwe aja a Lachinayi lija. Pang'ono pokha kumwetulira kwa anthuwa kuyamba kuzirala, wina atsokomola, wina afunsa mnzake kuti kodi ali bwino, ndipo makamera ajambula zonse.

Dzanja lamanzere la Sitt Wigdan linakwera pang'onopang'ono n'kugwira ndolo.

Amupempha. Ndipo mawu amene akufunika ndi dzina lake lomwe. Barsoum analibe nyumba yakeyake, analibe chithunzi m'nyuzipepala, chuma chake chonse chinali chimodzi: panalibe woonera ndi mmodzi yemwe amene anamvapo mawu ake. Mphunzitsi wake wa rula uja anapita kumanda akumutama pa chimenecho. Ndiye lero bambo wa imvi aimirire pakati pa akuluakulu a mzinda n'kufuula dzina lake, ngati wogulitsa mavwende mumsewu? Anachita mantha, anachita manyazi, ndipo pang'ono anawakwiyira mayiwo chifukwa chotuluka m'buku. Zala zija zinali zikadali pandolo.

Anaimirira.

"Barsoum Ayad!"

Mawuwo anatuluka osweka, poti pakhosi pake panali pasanazolowere kufuula. Mitu yonse inatembenuka. Kenako holo inaphulika ndi kuseka, anthu akuwomba m'manja, ena akupukuta misozi: wonong'oneza wanong'oneza dzina lake lomwe, akonza bwanji anthu awa! Kutsogolo Ustaz Medhat ankagwedeza mutu kwa oyandikana naye, kuonetsa kuti nzeruyo ndi yake.

"Barsoum Ayad," anabwereza Sitt Wigdan m'maikolofoni, mosadodoma, monga mmene wosewera wodziwa ntchito amalandirira mawu. Anthu anawomba m'manja kwambiri. Palibe anadziwa kanthu, ndipo mawa nyuzipepala zidzalemba za nthabwala ya chaka.

Anthu onse ankayang'ana Barsoum, ataima pamzere wake m'suti yothina. Sitt Wigdan okha ndi amene sanayang'ane kumeneko. Anaweramitsa mutu n'kuyang'ana pansi, patsogolo pa mapazi awo, pamene panayalidwa maluwa paja. Anamwetulira maluwawo, n'kutsitsa nyale pang'ono ngati akuionetsa munthu amene ali m'munsi.

"Wachedwanso, nkhalamba iwe," anatero motsitsa, koma maikolofoni inatola.

Holo inasekanso. Barsoum anafuna kuyankha kuti ndili kuno, Sitt, koma mawuwo anatuluka monong'ona, ndipo anathera pamapazi asanu ndi limodzi.