Edifikeshoni ya Aphunzitsi Sitima

Lumo linali lisanamalize kuyenda pamutu pa Peggy pamene atsibweni ake, a Kaliati, anakhosomola n'kuyamba nkhani ya mwamuna wake.

"Kumeta tameta, maliro tatha. Kwatsala mkamwini uyu, Goodman. Ankamuikira kumbuyo ndi alamu anga amene tawaika aja. Iwo apita, nayenso apinde mkeka abwerere kwawo ku Kaduya."

Peggy anachita mantha. Zoti Goodman ndi chidakwa ngakhale nkhuku za pamudzipo zinkadziwa, koma chinali chidakwa chake, bambo wa ana ake atatu, ndipo ankamukonda.

Malemu bambo ake a Peggy, Aphunzitsi Sitima, anapuma ntchito chaka cha referendamu. Atasowa ana owaphunzitsa, anatembenukira banja lawo. Lamlungu lililonse masana ankasonkhanitsa onse pansi pa mtengo wa mango, atavala tayi, kuti alandire chimene iwo ankachitcha edifikeshoni.

"Zaka zisanu ndi chimodzi akumwa edifikeshoni," anatero a Kaliati, "munthu osasintha."

"Mawuwo ndinawafufuza mu dikishonale," anatero Elton, mchimwene wa Peggy wokhala ku Blantyre, amene sankalola mpata woonetsa sukulu kumudutsa. "Ndi kumanga khalidwe la munthu, monga timangira nyumba."

"Kwa ine anali msana kuwawa ndi nyerere m'chitenje," anayankha Jenifer, mng'ono wa Peggy.

Amayi awo, a Belita, anapukuta maso. "Mawu amenewo analibe malire. Ndikapsereza ndiwo, akuti ndikufunika edifikeshoni. Mbuzi ikadya chinangwa cha eni, ankaimangirira pamtengo n'kuilankhula Chingerezi mpaka igone."

Anthu anaseka koyamba chiikire maliro. A Kaliati okha sanaseke.

"Iwe Goodman, tchula chimodzi chokha chimene unatolapo."

Goodman anagwada, mutu wometa kumene ukuwala ngati chipanda.

"Ya pansi pa mango ndinkagona, atsibweni, bodza lilibe mwini. Yanga inali ya Loweruka. Ndikangokhala pansi kwa mayi otcheza kachasu kuseri kwa phiri la Michesi, kunja kunkalira belu la njinga. Aphunzitsi sankalowa. Ankakhala pa njerwa pakhomo, n'kutsegula buku, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Pofika tsamba lachitatu makasitomala athawa, mayi aja akundikankha ndi chikuni, ati tengani munthu wanu, mwandiphera malonda. Kenako ankandikweza pakaliyala."

"Ndiye n'chifukwa chake Loweruka ankabwera mochedwa," anatero a Belita.

"Ayi amayi, ine ankanditula dzuwa lili pamutu. Ankachedwa ndi ulendo wachiwiri. Winayo sankamudutsitsa mumsewu. Ankazungulira naye m'minda, akukankha njinga, poti ndi munthu wamkulu, anthu asamuone."

Onse anayang'anana.

"Winayo ndani?" anafunsa Elton.

Peggy anaona a Kaliati akutuluka thukuta, chonsecho kunali mphepo ya mwezi wa Juni. Anazindikira zonse, ndipo mumtima anakuwa kuti: nena, mwamuna wanga, tchula dzina upulumuke!

Goodman anapukusa mutu.

"Aphunzitsi anandiuza kuti munthu wakugwa sumuitanira anthu, umamudzutsa. Chimodzi chimene ndinatolapo n'chimenecho. Ngati n'kupita ku Kaduya, ndipita."

A Kaliati anavula chipewa, n'kuchiyang'ana mkati ngati muli kalata.

"Chabwino," anatero potsiriza. "Nyumba ikadali yosafolera, koma maziko alipo. Akhale. Njinga ija atenge iyeyo."

Elton anatsegula pakamwa, amayi ake anamuponda chala.

Loweruka lotsatira Peggy anapeza mwamuna wake akupopa matayala, maso ali gwa, osanunkha kanthu. Pakaliyala panali chiguduli chopindidwa kanayi, chimene Aphunzitsi anachisoka okha ndi ulusi wa thumba kuti wokwerayo asamve zitsulo. Goodman anachikonza bwino, n'kupalasa molowera ku Michesi.

Dzuwa litapendeka, Peggy akusesa kuseri kwa nyumba, anamva njinga ikubwera pang'onopang'ono m'munda wa chinangwa, miyendo ya munthu wamkulu ikukwekwereza pansi. Anatembenukira kukhoma, n'kupitiriza kusesa pamene anali atasesa kale.