Lole Iwe, Uwauze Apongozi

Malem Tarigan sankakhulupirira makaniko aliyense, ndipo sankalakwa. Ambiri a iwo amakumasulira injini yonse kuti akugulitse chitsulo chomwe achotsa m'galimoto ya mnzako. Koma lole yake, yotuta kabichi kuchoka ku Kabanjahe kupita ku Medan, inali itayamba kumuchititsa manyazi. M'mawa inkavuta kulira. Pachitunda cha Sibolangit inkakwawa ngati nkhalamba yosenza thumba, timabasi tikumuimbira mabelu kumbuyo. Mwana wake Jenda anali atanena kale kuti ikadzangofera panjira aigulitsa kwa ogula zitsulo, bambo azikhala pakhonde. Malem ankawadziwa anzake omwe anakhazikidwa pakhonde. Sanachedwe kupita kumanda.

Galaja yomwe sakanaberedwako inali imodzi yokha, ya Rasita, mkazi wa Jenda yemweyo, yomwe anasiyiridwa ndi malemu bambo ake. Chovuta chinali mwambo. Mwamuna salankhula ndi mkazi wa mwana wake, ngakhale kuyang'anana sayang'anana. Zikathina, mawu amadzera kwa munthu wina, kapena kwa chinthu chomwe chili pafupi.

M'mawa womwe anafika ndi lole pagalajapo panalibe munthu wina. Malem anatsika, nayang'ana tayala.

"Lole, uwauze apongozi kuti mphamvu zakuthera. Uwauzenso kuti kabichi akundidikira kumunda."

Rasita anaimirira pambali pa injini ikulira, mutu atapendeketsa. Inkalira bwinobwino, yosagogoda ngakhale pang'ono, ndipo Malem ankanyadira zimenezo. Mayiyo sananyadire. Anauza lole kuti izime, ndipo kuti saikhudza mpaka itazizira kuti zii.

Malem anapsa mtima. Anaona kuti ndi chiwembu: amuchedwetse, kabichi afote, Jenda apeze ponenera. Anauza lole kuti iye si mwana, wayendetsa galimoto apongoziwo asanabadwe.

"Lole iwe, uwauze kuti chitsulo chikatentha chimafufuma," anatero Rasita akupukuta sipanala. "Ndikayeza pano ndiyeza bodza. Akafuna bodza apite kwa anyamata a kumsika, amagulitsa lotsika mtengo."

Malem anakhala pansi pa mtengo, akutukwana chamumtima. Masana anapeza mbale ya mpunga ndi chigwada chosinja itaikidwa pa sitepe ya lole. Anadya, poti mbale sinamulakwire.

Dzuwa litapendeka, Rasita anagwira injini ndi chikhatho, natsegula chivindikiro cha pamwamba. Anazungulitsa injini ndi sipanala yaikulu, pang'onopang'ono, kenako anatenga timasamba tachitsulo toyezera mpata wa mavalavu. Pa valavu yoyamba kasamba sikanalowe. Pa yachiwiri chimodzimodzi. Mayiyo anaima, akuyang'ana manati. Manatiwo anali ndi zipsera zatsopano za sipanala yosakwana bwino.

Malem anazidziwa zipserazo. Mwezi wathawo injini inkagogoda, madalaivala anzake akumuseka kuti wanyamula telala ndi makina ake. Iye anaimika m'mbali mwa msewu, injini ili yotentha, namanga mavalavu onse mpaka phokoso linatha. Sanauze munthu.

Anadikira kuti amve lole ikutumidwa kukamunyoza. Rasita anangomasula nati, nabweza kasikuluwu, nalowetsa kasamba mpaka kakukoka pang'ono, namanganso, nayezanso. Anatero valavu ndi valavu, osafulumira, zala zakuda bii. Akugwira ntchito ankauza lole, ngati mayi wolangiza mwana, kuti valavu yopanda mpata siitsekeka injini ikatentha. Mphamvu imathawira pamenepo, moto nkumanyambita mlomo wake mpaka kupsa. Ya loleyi inatsala pang'ono kupsa.

"Ukamagogoda kwambiri uzibwera, lole iwe. Ukavuta kudzuka m'mawa uzibwera. Koma ukadzangokhala chete ngati wakuba, udzathamange."

Atailiza, inadzuka kamodzi, ikuti tiki-tiki-tiki chapansipansi. Nthawi yomweyo Jenda anatulukira pa njinga yamoto, maso ali pa chivindikiro, nafunsa mkazi wake ngati chiphakasachi chatha tsopano.  Mawu amodzi okha a Rasita akanamukhazika Malem pakhonde.

"Yatha kuti?" anatero Rasita. "Nthawi yoyeza mavalavu inangokwana. Ikuposa iwe kudzuka m'mawa."

Mawa lake lole inatsika ndi kabichi, nikwera Sibolangit itadzaza feteleza, osapempha giya yoyamba. Malem sanadutse pagalaja wopanda kanthu. Anatsitsa dengu la malalanje, naliika pakhomo, maso ali kwina.

"Lole, uwauze kuti awa agwa okha. Uwauzenso kuti sipanala yanga ija ndaitaya mumtsinje."

Kuchokera pansi pa galimoto ina, pomwe pankaoneka mapazi okha, panamveka mawu:

"Uwauze kuti achita bwino. Inali yaikulu."