Impso ya Achimwene

Amuna anga akuyenda ndi impso ya munthu amene anamuletsa kuponda pakhomo pathu. Ndikanena choncho anthu amaseka, amayesa nthabwala. Ine sizindiseketsa ngakhale pang'ono, chifukwa munthuyo ndi achimwene anga, amene anandilera makolo athu atamwalira.

Achimwene amagwira ntchito ku myuziyamu, kosungirako zinthu zakale, m'chipinda chapansi chopanda windo. Amapukuta mafupa akale ndi kaburashi, kuwayeza, n'kulemba timapepala tofotokoza. Anzawo amangowatchula kuti a Mafupa. Sakhulupirira kuti kuli Mulungu, ndipo sabisa. Nkhaniyo sayiyambitsa okha, koma ukawafunsa amakuyankha mosapsatira, ngati wawafunsa kuti nthawi ili bwanji. Ine ndimapemphera, ndimayimbanso kwaya. Zaka zonsezi tinkakhala bwinobwino: ndikamapempherera chakudya iwo ankadikira mwaulemu, supuni ili m'manja.

Chaka chatha impso za amuna anga zinasiya kugwira ntchito. Katatu pa sabata tinkapita kuchipatala kukasefa magazi pa makina. Miyendo inatupa mpaka nsapato zinakana. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndiye anthu ankabwera mwaunyinji, ndi nyimbo, ndi zipatso. Dokotala atanena kuti pakufunika wopereka impso, eee, wina anakumbukira kuti ali ndi shuga, wina anati akapempherere kaye nkhaniyo. Mpaka lero akupempherabe. Achimwene anangopita okha kukayezetsa osatiuza, n'kubwera ndi pepala.

"Magazi athu akugwirizana, alamu," anatero. "Ine ndili nazo ziwiri."

Opaleshoni inayenda bwino. Patatha miyezi itatu amuna anga anali atayambiranso kuvala nsapato zawo zakuda. Ndiye m'pamene manong'onong'o anayamba kutchalitchi. Ati mkulu wa mpingo angayende bwanji ndi chiwalo cha munthu wokana Mulungu? Ati kodi mapemphero onse aja anayankhidwa ndi wakunja? Anthu omwe aja a shuga!

Tsiku lina m'mawa, ndikuwasitira shati, amuna anga anaima pakhomo la kuchipinda.

"Lamlungu likubwerali ndi lothokoza," anatero. "Alamu abwere. Aime kutsogolo anene mawu ochepa chabe, kuti ndi Mulungu amene anawakhudza mtima. Akakana, pakhomo pano asadzapondenso."

"Mwati chiyani? Munthu balalo silinapole n'komwe!"

"Sindingakhale mkulu wa mpingo anthu akundiloza chala kuti anandipulumutsa ndi munthu amene amati tinachokera kwa anyani. Ukawauze."

Ndinakwiya mpaka kolala ya shati inapsa. Komabe ndinapita. Ndinadziuza kuti mawu n'chiyani, munthu amene analola kung'ambidwa pamimba angalephere kutsegula pakamwa?

Achimwene ndinawapeza kuntchito kwawo atawerama pa tebulo, akuyang'ana chigaza chofiirira pansi pa nyale. Mbali imodzi ya chigazacho inali yoyera mbee, yomatidwa ndi pulasitala. Ndinawafotokozera zonse mofulumira, maso ali pa mashelefu.

"Khala pansi, chemwali," anatero. "Choyamba, sindinanenepo kuti tinachokera kwa anyani. Ife ndi anyani tili ndi makolo amodzi akalekale. Alamu amalakwitsa pamenepo nthawi zonse."

"Achimwene, sindinabwerere sukulu ine!"

Anaseka pang'ono, kenaka n'kugwira pambali pomwe pali bala. Anandilozera chigaza chija.

"Ukuona poyerapa? Fupa lake sitinalipeze, ndiye ndinamatapo ndine. Ndikanatha kupaka utoto wofiirira kuti zifanane, palibe akanadziwa. Koma kuno sitichita zimenezo. Chomwe tinachipeza m'dothi chizioneka, chomwe tawonjezera ife chizionekanso. Zaka makumi awiri ndagwira ntchito choncho. Ndiye ukufuna ndikaime pamaso pa anthu ndikanene kuti ndinamva mawu, pamene sindinamve kalikonse?"

"Nanga munaperekeranji ngati simuopa Mulungu?"

"Ndinaona miyendo ija. Ndinakuona iwe ukugona pa benchi yakuchipatala. Ululu ndi ululu, chemwali, sufuna kuti wina akhale kumwamba akulemba m'buku kuti uwawe. Ine ndikafa kwatha, palibe komwe ndikalandire mphoto. Moyo ndi womwewu basi, n'chifukwa chake sindinafune kuti wa alamu uthere pa makina."

"Ndiye simunganame kamodzi kokha chifukwa cha ine?"

Ndinamva ndekha mmene funsolo linatulukira, lopindika, ndipo ndinachita manyazi. Ine woimba kwaya, kupempha munthu wosapemphera kuti akaname m'tchalitchi! Ndinawatukwana kuti ndi ouma mutu, kuti amakonda mafupa kuposa anthu amoyo. Anangoti Lamlungu abwera, chifukwa nawonso akondwa kuti alamu achira.

Anabweradi, atavala jekete lawo lotuwa, n'kukhala pa benchi yakumbuyo. Nyimbo zitatha amuna anga anaima kutsogolo n'kuwaitana pa maikolofoni. Achimwene anayenda pang'onopang'ono, tchalitchi chonse chitatembenuka.

"Alamu, auzeni anthuwa amene anakutumani," anatero amuna anga.

"Palibe anandituma," anatero achimwene. "Ndinafuna ndekha. Ndakondwa kwambiri kuti mwachira. Madokotala anaimirira maola asanu, ndipo anamwino anakusamalani bwino. Zikomo."

Amuna anga nkhope inagwa. Kenaka anamwetulira kumwetulira kuja komwe ndimakudziwa, komwe amamwetulira akafuna kuluma munthu.

"Mwamva nokha, abale," anatero. "Mulungu amatha kutunga madzi oyera ndi chidebe chakuda. Madziwo timamwa, koma chidebecho sitilowa nacho m'nyumba."

Anthu anaomba m'manja. Amayi a kwaya anaimirira, ena kufuula ameni. Ndipo ine, ndinene zoona, ndinaomba nawo. Mayi wa kumanja kwanga anali akundiyang'ana, wa kumanzere akundiyang'ananso, manja anga anangoyamba okha. Ndinaomba katatu kapena kanayi. Achimwene anadutsa pakati pa mabenchi n'kutuluka, ine osadzuka.

Sabata yonse sindinawayimbire foni. Amuna anga anauza mlonda wa pageti kuti a Mafupa akabwera asawatsegulire, ndipo kutchalitchi amuna angawo anapatsidwa mpando wakutsogolo. Ine ndinkaphika, kusita, kupemphera, koma pemphero linkandikanika. Ndinkadana ndi amuna anga, ndinkadana ndi achimwene chifukwa chokana kunena mawu asanu okha, koma woyamba kudana naye ndinali ine ndemwe.

Lachisanu masana ndinakawadikira pamalo okwerera basi pafupi ndi kuntchito kwawo. Anatuluka atanyamula chikwama kumanja, chifukwa kumanzere sankathabe. Atandiona anaima.

"Achimwene, ndinaomba nawo m'manja," ndinatero.

"Ndinakuona."

Ndinadikira kuti andikalipire. Ndinkafuna andikalipire, anditchule wosayamika, andikumbutse fizi yonse imene anandilipirira, chilichonse. Akanatero mwina ndikanapeza poyambira kulira. Iwo anangoyang'ana kumsewu ngati basi ikubwera.

"Kunyumba ndiye simudzabweranso?" ndinafunsa, ngati sindikudziwa.

"Nyumba ndi ya alamu. Anena." Anasuntha chikwama paphewa. "Kodi mankhwala aja oteteza impso akumwa pa nthawi yake? Am'mawa ndi amadzulo?"

"Nthawi zina amadumphitsa. Akuti achira kale, mpingo wonse ndi mboni."

Apa m'pamene nkhope yawo inasintha. Zakutchalitchi zija sizinawasinthe nkhope, koma izi. Anandigwira pamkono mwamphamvu, basi itaima kale kumbuyo kwawo.

"Uziwakakamiza, wamva? Kaya uwauze kuti ndi lamulo la Mulungu, kaya uwauze chiyani, bola amwe. Thupi lawo likaikana impso ija, chemwali, ine ndatsala ndi imodzi yokha."