Kadontho ka Magazi ku Woodlands

Kutatsala masiku ochepa kuti Kayla akwatiwe, makolo ake onse awiri anagwidwa ndi chifuwa. Bambo ake, Ba Killian, ankatsokomola mpaka dera lonse la Kabwata linadziwa. Mayi ake, Ba Mwango, ankatsokomolera m'chitenje, ali kalikiliki kukonzekera ukwati.

Kayla anawakweza minibasi n'kupita nawo ku kiliniki ina ku Woodlands.

"Ba dokota, nipaseni chabe makapisozi yaja yofiila," anatero Ba Killian asanakhale n'komwe. "Mwana wanga akwatiwa, nifunika kuchila manje manje!"

Dokotayo, Ba Lukonde, anaseka. Anawauza kuti makapisoziwo amapha mabakiteriya okha, chimfine wamba sachikhudza, ndipo kuwamwa mwachisawawa kumawathetsa mphamvu. Anawabaya pachala, n'kuika kadontho ka magazi m'kamakina kokhala ngati wailesi, kamene nambala yake imakwera matenda akakhala a mabakiteriya. Ba Killian anakayang'anitsitsa ngati akuonera mpira.

Nambala inatuluka yaing'ono. Malungonso panalibe.

"Ni chimfine chabe, ba tate. Panado, manzi yambili, na kugona."

"Ah! Ine wamene nikosomola so?"

Ba Lukonde anali atatembenukira kale kwa Ba Mwango, amene anatsamira khoma akupumira m'mwamba.

"Nanga imwe, ba mayo?"

"Ine nili chabe bwino. Nabwela kupelekeza aba."

Dokota anawamvetsera m'chifuwa, n'kuwabayanso pachala. Nambala yawo inakwera kwambiri moti Kayla anagwira pakamwa. Chinali chibayo, chitangoyamba kumene.

"Mwachita bwino kubwela lelo," anatero Ba Lukonde, akuwalembera mankhwala opha mabakiteriya.

Ba Killian anayang'ananso kamakina kaja. Kenako analumpha. "Kamashini aka kaona vamene ine sininaone munyumba mwanga!"

Pobwerera anafotokozera minibasi yonse, kondakitala mpaka anaiwala kuitana anthu. Kunyumba anawagoneka akazi awo, n'kuwaletsa ngakhale kugwira tsache, ndipo mankhwala ankawamwetsa okha.

Lachisanu m'mawa Ba Mwango anadzuka thupi litazizira. Anakhala tsonga, napempha tiyi ndi buledi, kenako anafunsa ngati wina wakatenga nkhuku za ukwati ku Libala. Ba Killian anatuluka panja opanda nsapato, foni ili kukhutu.

"Kayla! Ba mayi bako bauka! Bayamba na kutuma!"